Mpando wa Amake Khofi

Amake Khofi anamwalira Lachiwiri masana. Foni inandipeza kukhitchini kwa loji ya ku Bvumba kumene ndimagwira ntchito, ndipo amene anaimba anayamba ndi mawu akuti mwana wanga Tadala ali bwinobwino, ndisachite mantha. Kenako ndiye ananena za maliro. Ndiulule pano, chimene chinayamba kubwera mumtima mwanga si chisoni ayi. Ndinaganiza za Lachinayi. Mayi amene anandilerera mwana miyezi isanu ndi iwiri wagwa pakhonde, ine ndili chiimire ndi mbale m'manja, mtima ukuti, nanga Lachinayi ndipita ndi ndani? Papita mwezi tsopano, manyazi ake sanandichoke. Za Lachinayizo ndinena, koma ndiyambe ndi iwo.

Dzina lawo linali Anambewe. Achishona ankawatchula kuti Mbuya Mbewe. Koma aliyense amene anakhalapo nawo pafamu ya khofi kuseri kwa mapiri a Bvumba ankati Amake Khofi, ndipo iwo ankavomera bwinobwino. Ine ndinkayesa kuti anali ndi mwana wa dzina limenelo. Anabadwira pafamu pomwepo. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi ali mnyamata, koma iwo ku Malawi sanapondeko ngakhale kamodzi, ngakhale Chinyanja chawo chinali chokoma kuposa cha ife tonse obadwira m'tauni. Zaka zomalizazi ankakhala m'tauni, ku Darlington, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu imene eni ake anapita kunja. Ntchito yawo inali kuyang'anira nyumbayo ndi kusesa pabwalo, koma chimene ankadziwika nacho ndi ana. Ife amayi apantchito tinkangowatchula kuti Agogo, ndipo tinkawasiyira makanda m'mawa n'kudzawatenga madzulo. Tinalipo asanu ndi mmodzi: awiri antchito zam'nyumba, mlonda wa pasitolo, wina wa kocheka matabwa, Mai Rudo wogulitsa tomato kumsika, ndi ine.

Anali afupi, otambalala mapewa, diso lakumanzere lili ndi ng'ala. Kuzizire, kutenthe, ankavala jekete lachimuna la malemu amuna awo, ndipo m'thumba mwake simunkasowa kabotolo ka fodya wam'mphuno. Akakoka fodya ankasamba m'manja kawiri asanagwire mwana. Makanda sankawayankhula mwachibwana. Ankawayankhula ngati anzawo apantchito.

"Bambo Tadala, mwaipitsanso nthawi ya ntchito? Foromani akamva akuchotsani."

Anali ndi malamulo awiri okha, ndipo onse sanali a ana, anali a ife amayi. M'mawa ukapereka mwana ankakulanda ndi mbereko yomwe. Ankakutembenuza, n'kukumenya kamodzi pamsana ndi chikhatho, n'kunena kuti msanawu ndi wako mpaka madzulo, pita nawo. Lamulo lachiwiri ndilo linkatikwiyitsa. Madzulo mwana sankaperekedwa kwa munthu woimirira. Unkayenera kukhala pampando, kuvula nsapato, kumwa madzi, ndiye n'kulandira mwana wako uli pansi.

Mpandowo unali umodzi, pansi pa mtengo wa mapeyala. Unali mpando wachitsulo wa thirakitala, wa mabowomabowo, wowotcherera pa limu yakale ya tayala la galimoto. Wolemera, woipa, wozizira m'matako mwezi wa Juni. Tikafika atatu nthawi imodzi, awiri ankadikira pa udzu. Ukakhala, iwo ankangoima pambali ndi mwana wako m'manja, akukuyang'ana ndi diso labwinolo, n'kufunsa funso limodzi kapena awiri. Wadya chiyani lero. Abwana akutukwana kapena ayi. Nthawi zina sankafunsa kanthu, koma munthu unkangopezeka wayamba kuyankhula wekha.

Mai Rudo ndiye ankalimbana nawo pafupifupi tsiku lililonse.

"Mbuya, ndipeiwo mwana, ndanonoka!" ankakuwa ali pageti, kudandaula kuti wachedwa.

"Wachedwa kuti? Mbaula yako ili ndi miyendo?"

"Bambo a Rudo afika kunyumba muli mdima."

"Ali ndi zala. Ayatse getsi. Khala pansi."

Mai Rudo ankakhala akung'ung'udza m'Chishona, koma ndinamuonapo kangapo atagona tulo pampando womwewo, mutu uli chagada, kamwa lili yasa, ndipo Agogo ankatiopseza ndi chala kuti tisamudzutse.

Agogo anakanganapo ndi amayi ena a kutchalitchi kwawo amene ankati pabwalo paja pasanduka pochitira miseche ya maukwati, ndipo mkazi wotopa ayenera kugwada, osati kukhala. Iwo anayankha kuti Mulungu mwini wake anakhala pansi tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndipo sanamvepo munthu akunena kuti chikhulupiriro chinamuchepera. Anakangananso ndi mwamuna wa mlonda uja. Bamboyo anabwera masiku atatu otsatizana kudzatenga mwana, akunena kuti mkazi wake watanganidwa. Tsiku lachitatu Agogo anakana. Anabereka mwanayo okha, n'kunena kuti akamupereka m'manja mwa amake. Anakamupeza mayiyo ali chigonere, makatani otseka, sanadye masiku awiri, sakudwala paliponse pamene angaloze. Zimene anakambirana kumeneko sanatiuze. Timangodziwa kuti sabata yotsatira mayiyo anabwera yekha, n'kukhala pampando nthawi yaitali kuposa tonsefe.

Ine tsiku loyamba ndinafika ndi pepala. Ndili ndi satifiketi ya za mahotela, ndipo kukoleji anatiphunzitsa kuti chilichonse chizilembedwa. Ndinalemba nthawi zomwetsa mkaka, muyezo wake, nthawi yogona, mbali yogonera, ndi manambala atatu a foni. Agogo sankadziwa kuwerenga. Anandiuza kuti ndiwawerengere, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kulipinda pepalalo bwinobwino, kuliika m'thumba la fodya.

"Za bamboyu ndamva," anatero. "Nanga pepala la amake lili kuti? Iwe umadya nthawi yanji?"

Ndinaseka, koma ndinakwiya. Ndinkaona ngati akundipeputsa.

Chimene sankadziwa, kapena ndinkayesa kuti sakudziwa, n'chakuti kuyambira pamene Tadala anabadwa mutu wanga sunali wanga. Ndinkaona zinthu zimene sizinachitike. Ndikanyamula mwana pafupi ndi masitepe ndinkamuona akugwa. Ndikagwira mpeni kuntchito ndinkaubweza patebulo msangamsanga. Choopsa kwambiri chinali beseni. Ndikathira madzi, maganizo ankabwera akuti manja anga amusiya, kapena amukanikiza, ndipo sindinkadziwa ngati maganizo amenewo ndi mantha chabe kapena ndi chimene ndili. Ndinasiya kumusambitsa. Ndinkangomupukuta ndi kansalu konyowa, n'kumudzoza mafuta ambiri kuti anunkhire. Mwamuna wanga Tendai amayendetsa lole, amakhala panjira masabata. Sindinamuuze. Sindinauze munthu.

Agogo anandigwira ndi fungo la m'khosi mwa mwana. Linali Lachitatu madzulo, anzanga onse atapita. Ndinakhala pampando, ndinavula nsapato, ndinatambasula manja, koma iwo sanandipatse.

"Make Tadala, mwanayu kwanu sasamba."

"Amasamba, Agogo."

"M'khosimu ndimatsukamo ine. Lolemba lililonse ndimapeza za Loweruka. Zovala zake n'zoyera kuposa za ana onse pano, matewera owiritsa, zikhadabo zowenga. Mayi waulesi satero. Ndiye ndiuze, madzi anakulakwira chiyani?"

Ndinalira mpaka kulephera kupuma. Ndinanena zonse, za masitepe, za mpeni, za beseni. Ndinkadikira kuti abwerere m'mbuyo ndi mwana wanga. Iwo anakhala pa udzu pafupi ndi mapazi anga, Tadala ali pamiyendo, n'kundifunsa ngati ndikudziwa chifukwa chake amatchedwa Amake Khofi.

Chinali chaka chimene mafamu ankalandidwa. Pafamu pawo anthu anali atafika kale pageti kawiri, akuimba, akukhoma zikhomo m'minda. Mwini famu ankalongedza katundu. Antchito anauzidwa kuti achoke mukomboni, koma sanauzidwe kopita. Amene anali ndi midzi yawo ankapita kwawo. Iwo a ku Malawi ndi a ku Mozambiki obadwira pomwepo ankangoyang'anana. Amuna awo anapita ku Tsvingwe kukafunsa ntchito ya kumgodi ndi pogona, ndipo anatha sabata osamveka. Anambewe anatsala ndi khanda la miyezi itatu, Lute, mwana amene anabwera atapitirira zaka makumi anayi, atasiya kale kuyembekezera. Mkaka unkachepa. Tulo anati sankakumbukira kuti analawa liti.

Khofi anali atapsa, wofiira mitengo yonse, ndipo foromani anati athyole asanabalalike. Tsiku limenelo Lute anali ndi zotupa za thukuta pamimba, ndiye anamutsitsa kumsana n'kumugoneka pa thumba pansi pa nthochi, kumapeto kwa mzere. Anathyola, kuthyola, kusamukira mzere wina, winanso. Masana nkhungu inatsika monga imachitira ku Bvumba, mwadzidzidzi, mpaka munthu osaona mnzake wa mzere woyandikana. Kenako chitsulo chowerukira chinalira nthawi isanakwane, ndipo mawu anayenda m'munda kuti anthu aja abweranso pageti. Aliyense ananyamula zake. Anambewe anatola mbereko, anakulunga thumba la khofi limene linali theka, analiponya kumsana, n'kumanga pachifuwa monga mwa masiku onse.

"Linali lofunda," anandiuza. "Dzuwa linali litaliwomba m'mawa wonse. Kulemera kwake komwe kuja. Ndinakwera nalo phiri lonse ndikulisisita, ndikuliimbira."

Atafika pasikelo foromani anati, tsitsa Nambewe, tiyeze. Iwo anayankha kuti dikirani pang'ono, wangogona kumene.

Anati chimene sanaiwale ndi chete amene anagwa pamzere wa amayi aja. Wina anawagwira pamsana, n'kumva njere. Anathamanga onse kubwerera kumunda, koma m'nkhungu mizere ya khofi imafanana yonse, ndipo iwo sanathe kukumbukira kuti nthochi ija ili mbali iti. Ankangothamanga uku ndi uku, thumba likadali kumsana, chifukwa panalibe amene anaganiza zowamasula. Amene anamupeza Lute ndi mayi wina wachisena, amene anatsatira kamawu kosasa ngati ka mwana wa mphaka. Linthumbu linali litayamba kale kukwera m'miyendo.

Atabwerera pasikelo Anambewe anatambasula manja kuti alandire mwana. Mayi wachisena uja anakana. Anamuchotsa kalaliki wa pasikelo pampando wake wachitsulo, anawakhazika Anambewe, anawamasula thumba, anawamwetsa madzi, ndipo atawaona kuti mpweya wabwerera, ndi pamene anawaikira Lute pamiyendo.

"Ndi yekhayo," anatero Agogo. "Ena onse ankafunsa za mwana. Bambo ake atabwera anafunsa za mwana, n'kundipatsa mbama. Amayi a mukomboni masiku awiri ankandilondera poyamwitsa ngati mbava. Dzina lija anayamba kundiitana mondiseka. Panalibe amene anati, Nambewe, unagona liti?"

Tsiku lochoka pafamu anthu anasenza mabulangete ndi mapoto. Iwo anasenza mpando. Amuna awo anawatukwana njira yonse kuti misala ija sinathe. Mpandowo unakhala nawo ku Tsvingwe zaka zonse zimene bamboyo ankagwira kumgodi, ndipo atamwalira unabwera nawo ku Darlington pamwamba pa minibasi. Dzina nalonso sanalikane. Ankati dzina limene ukulithawa limakuluma, koma limene walivala limangokhala ngati jekete.

Madzulo amenewo anatenthetsa madzi, ndipo Tadala tinamusambitsa awiri, manja awo pansi pa manja anga. Tinatero masiku ambiri. Zinandithandiza, koma maganizo aja sanachoke. Kuntchito ndinaswa mbale, tsiku lina ndinathawa masana n'kukwera galimoto yamatabwa kudzaona ngati mwana akupuma, ndipo abwana anandichenjeza kuti ndikabwerezanso ndisabwerere. Agogo ankaona zonsezi. Tsiku lina Lachisanu anandiuza mosazungulira.

"Mpando wangawu umachiza kutopa. Zakozi zaupitirira. Kukiliniki kuli sisitala amene Lachinayi amakhala ndi amayi a mitima yothamanga ngati wako. Ndinaperekezako kale anzako awiri. Tipite."

Ndinakana. Ndinkaopa kuti akandilanda mwana. Ndinkaopanso apongozi anga. Iwo ndi Amanyika, Achishona a kuno, ndipo kuyambira pa ukwati wathu pali azakhali ena a Tendai amene amanong'ona kuti mabhurandaya, monga amatitchulira ife a magazi a ku Malawi, amabwera ndi zinthu zawo m'banja. Akanamva kuti mkazi wa mwana wawo akupita kwa a matenda a mutu, akanati taonani, si zija tinkanena. Ndinafotokoza zimenezi, Agogo n'kunena kuti azakhaliwo sadzabwera kudzasambitsa mwana. Anaumirira. Ine mantha anasanduka ukali, ndipo ndinanena mawu amene ndikanakonda ndikanameza.

"Inu munaiwala mwana m'munda. Ndiye mukandiphunzitse ine kulera?"

Sanasinthe nkhope. Anakoka fodya, anapukuta mphuno, anakasamba m'manja kawiri monga mwa nthawi zonse.

"Eya, ndinamuiwala," anatero. "N'chifukwa chake njira ndikuidziwa. Khala pansi utenge mwana wako."

Loweruka ndi Lamlungu sindinadye. Lolemba m'mawa ndinapereka Tadala ndi mbereko, maso ali pansi, n'kunena kuti Lachinayi ndapempha tchuthi, tipita. Mawu opepesa ndinawasungira tsiku lomwelo, ndinkati ndidzawanena tili panjira. Iwo anangonditembenuza, n'kundimenya pamsana mwamphamvu kuposa masiku onse. Mawa lake masana, atadyetsa ana phala n'kuwagoneka pamphasa, anagwa pakhonde. Wantchito wa nyumba yoyandikana anamva ana asanu ndi mmodzi akulira pamodzi, n'kudumpha mpanda.

Tinakawaika ku Tsvingwe, pafupi ndi amuna awo. Anthu a pafamu ija anabwera, okalamba okhaokha, ena kuchokera kutali kumene anamwazikira, ndipo pamaliro ponse dzina la Anambewe linamveka kwa abusa okha. Kumeneko ndinamuona Lute koyamba. Ndi msinkhu wanga, wamtali, wamawu aakulu, amaphikira okumba golide. Ndinkamuyang'anitsitsa miyendo mosadziwa, mpaka anandigwira.

"Ndiwe make Tadala eti? Amayi anakuuza." Anakweza chitenje, n'kundionetsa timadontho takuda pa akakolo. "Ndi izi. Anthu amati ndine Khofi. Ayi, Khofi ndi mkulu wanga, anapita kusikelo. Ine ndine uja anatsala m'munda."

Anaseka misozi ili m'maso, amayi a pafamu aja n'kuseka naye. Ine ndinalephera kuseka. Ndinkangoona kukula kwake, mano ake, mmene ankanyamulira chidebe cha madzi ndi dzanja limodzi. Ndinamuuza mawu amene ndinawanenera amake. Sindikudziwa chifukwa chake ndinasankha iye. Anandiyankha kuti iye anawanenapo zoposa pamenepo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo amake anamuuza chimodzimodzi, kuti akhale pansi.

Lachinayi atatu anadutsa ndisanapite. Lililonse ndinkavala, kubereka mwana, kufika pamsewu, n'kubwerera. Lachinayi lapitali ndinapita ndekha. Pamzere ndinaimirira kawiri kuti ndizipita. Sisitala anandifunsa mafunso a papepala, ndipo pa funso la beseni ndinayankha zoona, manja ali gwa pa mbereko. Sanaitane munthu. Sanamukhudze Tadala, kupatula kumugwira tsaya. Anati amayi ambiri amabwera ndi zomwezi akabereka, zili ndi dzina ndiponso chithandizo, ndipo anandipatsa tsiku lobwereranso. Sindinachire. Dzulo lomweli mtima unathamanga ndikuthira madzi. Tendai ndamuuza theka, theka linalo ndikulisunga mpaka abwere. Tadala masiku ano amatsala kwa mayi wina wa mumsewu mwathu, munthu wabwino, amene amandipatsira mwana pageti, ndili chiimire, chikwama chili paphewa.

Pochokera kukiliniki ndinadzera ku Darlington kuja. Eni nyumba sanapeze munthu wina, ndipo geti laling'ono amangolimanga ndi waya. Kanyumba kali kotseka, zenera latchingidwa ndi katoni. Chingwe cha matewera chilipo, chopanda kanthu, zopanira zitatu zikulendewera. Mapeyala akugwa okha n'kuwolera pansi, masamba adzaza pamene ankasesa kawiri pa tsiku. Lute anatenga jekete ndi mapoto, koma mpando anausiya, anati ku Tsvingwe unapitako kale, sukufunanso. Uli pomwe paja. Mvula yadutsa m'mabowo, dzimbiri layamba m'mphepete, koma pakati pakadali posalala, ndipo pa udzu wa patsogolo pake pali dazi la mapazi athu. Pambali ndinapeza tomato mmodzi wofinyika, ndiye ndikudziwa kuti si ine ndekha amene ndimamasula waya uja.

Panalibe wondilandira mwana. Ndinayala mbereko pa udzu, ndinamukhazika Tadala, ndinakhala pampando, ndinavula nsapato. Chitsulo chinali chozizira. Iye anatola tsamba, analiyang'ana, anayamba kulira akundikwezera manja. Ndinadikira mpaka mpweya wanga utabwerera, ndipo ndinamutenga ndili pansi.